Scrambler yotsamwa pamtunda ndi kuzima m'chiperoni: poyambira kufufuza

Njinga zamoto zambiri zomwe anyamata akuzisandutsa scrambler, kutanthauza njinga zapamsewu zosinthidwa kuti ziziyenda m'thengo, kuno ku Mulanje ndi ku Thyolo zimadwala nthenda imodzi. Tsiku lotuluka kwa makaniko njinga imalira bwino, imakongola, ndipo pa tala wa pa Chitakale imathamanga monga kale. Pakapita masabata ochepa mavuto amayamba. Mukapatsa moto mwadzidzidzi imatsamwa, mukabweza moto potsetsereka imaphulitsa kuekizozi, ndipo chiperoni chikangoyamba kuwaza imazima pakati pa minda ya tiyi n'kukana kulira mpaka itauma. Mwini wake amasintha pulagi, njinga imachira pang'ono, kenako zomwezo. Amagula kabuleta yatsopano, zomwezonso. Ndalama zimatha, njinga yabwinobwino n'kutsamiritsidwa pakhonde.

Pafupifupi nthawi zonse injini imakhala ilibe mlandu. CG125 ya Honda, yomwe inayamba kupangidwa mu 1975, pamodzi ndi njinga za ku China zotengera injini yake zomwe akabaza amakwera, ndi zolimba kwambiri. GN125 ndi YBR125 nazonso n'chimodzimodzi. Chomwe chasintha ndi zinthu zozungulira injiniyo: bokosi la eya kilina lachotsedwa, ekizozi yakwezedwa n'kuchotsedwa zam'kati, felemu yadulidwa kumbuyo, mawaya asunthidwa, matayala akula. Zonsezi zachitika sabata imodzi, ndiye vuto likabwera palibe akudziwa kuti labwera ndi chiti.

Maganizo anga ndiwanenerepo poyamba: pa zonse zomwe anthu amachotsa, bokosi la eya kilina ndi lomwe siliyenera kuchoka pa njinga yoyenda m'misewu yathu. Mipikisano yomwe inabala njinga zamtunduwu inayambira ku England, ndipo woyamba wodziwika unachitikira ku Camberley mu 1924, anthu akuthamangitsa njinga zapamsewu m'thengo. Koma makampani atayamba kupanga ma scrambler awoawo, monga Honda ndi CL72 mu 1962, anakweza ekizozi koma sefa ya mpweya anaibisa mkati mwa zivundikiro. Tayang'anani AG200, DT125 kapena XL125 zomwe alangizi a zaulimi ndi a zaumoyo akhala akuyendera kumidzi kuno. Zonse zili ndi bokosi lotsekeka, ndipo pakamwa pake pali m'mwamba, pansi pa chishalo. Bokosilo lili ngati khonde la nyumba: mvula ndi mphepo zimathera pamenepo zisanafike pakhomo. Kasefa kotseguka kokolowekedwa pakamwa pa kabuleta kamakongola pa zithunzi za pa Facebook, koma zithunzizo sizinajambulidwe pa msewu wa katondo wopita ku Thekerani mu January.

Musanamasule bawuti iliyonse

Yambani ndi kudziwa nthawi yomwe vuto limabwera. Likubwera injini ili yozizira kapena itatentha? Kukauma kapena kukanyowa? Moto uli pang'ono, pakati kapena wonse? Matani tepi pa chogwirira cha moto n'kulembapo malo anayi: pomwe chatsekeka, kota, theka, ndi pothera. Yendani pa mtunda womwe mumaudziwa bwino, muone pomwe ikutsamwira. Mwini njinga akafika kwa makaniko n'kungoti "Achimwene, ikuvuta," makaniko amayamba kulota. Akafika n'kuti "Achimwene, ikutsamwa pakati pa kota ndi theka ikatentha, koma ndikakoka choko pang'ono ikusiya," theka la ntchito latha kale.

Choko ameneyu ndiye chida choyamba, ndipo n'chaulere. Injini itatentha, kokani choko theka n'kuyendanso. Ikayamba kukoka bwino, ndiye kuti mpweya wachuluka, petulo wachepa. Ikaipiraipira, n'kumatulutsa utsi wakuda, petulo ndiye wachuluka kapena vuto lili kwina.

Ikamatsamwa ndi kuphulitsa kukauma

Injini ya petulo imafuna magalamu pafupifupi 14.7 a mpweya pa galamu imodzi ya petulo. Majeti, omwe ndi tizitsulo ta kabowo todutsa petulo mu kabuleta, anabwera ndi njinga atasankhidwa bokosi lilipo, ekizozi ili yotsekeka. Mukatsegula mbali zonse ziwiri mpweya umadutsa wambiri, petulo n'kukhala yemwe uja. Injini yotere imatentha kuposa muyezo, ndipo njinga zathu zimazizira ndi mphepo yokha. Pokwera mtunda wautali pa giya yachiwiri mphepoyo imakhala yochepa, ndiye valavu ya kuekizozi kapena pisitoni zimatha kupsa. Kutsamwa kuja ndi chenjezo, musakuzolowere.

Koma musathamangire majeti. Pali chinthu chomwe ambiri sachiona. Bokosi lija linkagwiranso kabuleta kumbuyo. Likachoka, kabuleta yonse pamodzi ndi kasefa kake imalendewera pa labala mmodzi wolumikiza ku injini. M'misewu ya miyala ya m'maesiteti labalayo amagwedezeka mpaka kung'ambika pansi, pomwe diso silifika, n'kumalowetsa mpweya wakuba. Chizindikiro chake n'chakuti mukabweza moto injini imachedwa kutsika, imalirabe mokweza kwa kanthawi. Njinga ikulira poima, gwirani kabuleta n'kuigwedeza pang'ono. Kulira kukasintha, labala wang'ambika kapena kalampu yamasuka. Sinthani labalayo, ndipo pemphani owotcherera akupangireni kachitsulo kogwira kabuleta ku felemu. Popanda kachitsuloko labala watsopano adzang'ambikanso, ndipo majeti onse omwe mungaike sadzathandiza kanthu chifukwa mpweya wakubawo sukhala wofanana tsiku ndi tsiku.

Onaninso pomwe ekizozi imalumikizana ndi injini. Pamakhala kamphete ka kopa komwe kamaphwanyika pomanga, ndipo kakale sikatsekanso bwino. Owotcherera akakweza payipi nthawi zambiri amabwezera kakale komweko. Mukaona mwaye wakuda pamenepo, kapena kumva kuti tchi-tchi-tchi injini ili yozizira, kuphulitsa kuja kukuchokera pomwepo. Kamphete katsopano n'kotchipa.

Izi zikakhala bwino, ndiye tsopano majeti. Mu kabuleta muli njira zitatu za petulo. Jeti yaing'ono pamodzi ndi sikuluu yake imalamulira kuyambira poima kufika pa kota. Singano imalamulira kuyambira pa kota kufika cha m'ma kota atatu. Jeti yaikulu imatenga kuchokera pamenepo mpaka pothera. Tepi ija ikuuzani yoti muikhudze.

Yambani ndi yaikulu. Werengani nambala yolembedwa pa jeti yomwe ilimo, n'kukwera sitepe imodzi. Pa majeti a Keihin, mwachitsanzo, manambala amayenda 95, 98, 100, 102, 105. Yesani pa mtunda womwe uja, moto wonse. Kwerani sitepe ndi sitepe mpaka injini iyambe kulemera ndi kubwebweta pothera, kenako bwererani imodzi. Manambala a Keihin ndi a Mikuni safanana, choncho 100 ya uku si 100 ya uko. Ndipo ndikupempheni ndi mtima wonse, musalole munthu kukuza bowo la jeti ndi waya kapena singano yosokera. Jeti ndi ya mkuwa wofewa, bowo likakula mokhota silibwereranso, ndipo nambala yolembedwapo imasanduka bodza lomwe lidzasokoneze aliyense wodzagwira njingayo m'tsogolo.

Singano zambiri zili ndi timizere pamwamba pomwe pamakola kakilipu. Kutsitsa kakilipu mzere umodzi kumakweza singano, petulo n'kuchuluka pakati. Ambiri amasokoneza apa, n'kukweza kakilipu poganiza kuti akuwonjezera petulo. Za sikuluu, yang'anani mbali yomwe ili. Ikakhala mbali ya ku injini, monga pa makabuleta ambiri a mtundu wa CG, ndi ya petulo, ndipo kuimasula kumawonjezera petulo. Ikakhala mbali ya ku sefa ndi ya mpweya, kuimasula kumachepetsa mphamvu ya petulo. Imangeni mofatsa mpaka ingogunda, osaikakamiza chifukwa nsonga yake imathyoka, kenako imasuleni kamodzi ndi theka n'kumasaka pomwe injini ikulira mosalala. Pa sikuluu ya petulo, mukafika pa katatu isanakhazikike, jeti yaing'ono ndiyo yachepa.

Pulagi imathandiza kutsimikiza. Yoyera mbuu ndi ya injini yosowa petulo, yakuda ndi mwaye wouma ndi ya petulo wochuluka, yabulauni pang'ono ndiyo yabwino. Koma muiwerenge mutangozimitsa pa liwiro lomwe mukuyesalo, osati mutailiza poima kwa mphindi zisanu. Pa CG125 pulagi yake ndi D8EA, mpata wake 0.6 mpaka 0.7 mm.

Eni GN125 amve izi padera. Kabuleta yake ndi ya mtundu wa CV, yokhala ndi chivundikiro chachikulu pamwamba ndi labala wopyapyala mkati. Dzanja lanu silikweza singano mwachindunji, imakwezedwa ndi kukoka kwa mpweya. Kabuleta yotere imafuna mpweya wodekha, ndipo ikakhala ndi kasefa kotseguka ngakhale mphepo yowomba cham'mbali kapena bondo lanu likayandikira zimasintha kayendedwe kake. Mukhoza kutha majeti onse a ku Limbe osaipeza bwino. Bwezerani bokosi. Ngati felemu yadulidwa moti silikwananso, owotcherera akhoza kupanga lina laling'ono la malata, lokhala ndi siponji mkati ndi pakamwa poyang'ana m'mwamba pansi pa chishalo. Labala wopyapyala uja muunikeni padzuwa, kabowo kakang'ono kokha n'kokwanira kuti njinga ikane kupitirira theka la moto.

Kukwera ndi kutsika kwa dziko lathu kumalowererapo. Mpweya umapepuka ndi gawo pafupifupi limodzi mwa magawo 10 pa mamita 1,000 alionse okwera. Njinga yokonzedwa kuti ikhale ndendende pa Bvumbwe, pomwe ndi pamtunda, idzasowa petulo pang'ono ikatsikira ku Muloza, ndipo kwambiri ikatsikira ku chigwa cha Shire. Ngati mumayenda konseku, isiyeni ili ndi petulo wochulukirako pang'ono kumtunda. Petulo wochulukirako amangodetsa pulagi, wochepa amawotcha injini.

Ikamazima mvula ikagwa

Apa ndi pomwe anthu a kuno timavutikira kuposa a madera ena. Mvula ya dzinja ikatha, chiperoni chimatenga malo kuyambira cha mu May mpaka August, ndiye miyezi youma kwenikweni ndi yochepa.

Choyamba gwirani sefa. Ikanyowa, yankho mwalipeza. Kasefa kotseguka kamakhala kutsogolo kwenikweni kwa tayala lakumbuyo, ndipo pa scrambler madigadi akumbuyo amakhala atafupikitsidwa. Tayala la mano limatunga madzi ndi matope n'kumaponya pomwepo. Sefa yonyowa imatseka mpweya, injini imabanika, pulagi imada. Ikani chotchinga cha pulasitiki kapena labala pakati pa tayala ndi kabuleta, chotsika mpaka pa swing arm, chitsulo chija chogwira tayala lakumbuyo. Sefa ya siponji ichapidwe ndi palafini, iume, kenako idzozedwe oyilo n'kufinyidwa mpaka asiye kudontha. Siponji youma imadutsitsa fumbi la katondo, ndipo fumbilo limadya maring'i mwakachetechete mpaka njinga iyambe kufuka utsi wabuluu.

Sefa ikakhala youma, pitani ku moto wa pulagi. Madigadi akutsogolo akakwezedwa, madzi a tayala amamenya mwachindunji pa chipewa cha pulagi. Chipewa chong'aluka kapena chopanda timalabala take timene timatseka kumapeto konse kuwiri chimataya moto ukanyowa. Kukada, lizani njinga n'kuwaza madzi pang'ono pa chipewa ndi waya wake. Mukaona timoto tabuluu tikudumpha, sinthani. Sindikunena kuti mutsitse madigadi. Otsika kwambiri amadzaza matope mpaka tayala kuima, makamaka m'makande a ku Phalombe, ndipo zimenezo zimagwetsa munthu. Ingowonjezerani kalabala kumbuyo kwake kotchinga injini.

Pali waya wina yemwe wazunza anthu ambiri. Pa njinga za mtundu wa CG zokhala ndi CDI, kabokosi kolamulira moto wa pulagi, injini imazima waya wozimitsira akagunda ku felemu. Pa mitundu ya mawaya ya Honda, wayayu ndi wakuda wa mzere woyera, ndipo wobiriwira ndiye wa ethi, wobwezera magetsi ku felemu. Posintha mahandulo ndi nyali, mawaya omwe ankakhala mkati mwa chigoba cha nyali yakale amasiyidwa panja atakulungidwa tepi. Madzi a matope akalowa m'swichi kapena polumikizira, amalumikiza wayayo ku felemu pang'ono, n'kukhala ngati mwazimitsa nokha. Kuyesa kwake n'kosavuta: njinga ikazima pamvula, zulani waya ameneyu pa CDI n'kuiliza. Ikalira, vuto lili m'swichi kapena m'mawaya a kutsogolo. Kumbukirani kuti wayayo ali wozula kiyi sazimitsa injini, muizimitsa ndi giya ndi buleki. Polumikizira ponse pakhale pokutidwa bwino, padzozedwe girizi wa zamagetsi, ndipo pakamwa pake payang'ane pansi.

Felemu ikadulidwa n'kupentedwa, ethi imasowa. Bawuti yomwe waya wobiriwira ankamangidwapo mwina inapita ndi chidutswa chodulidwa, kapena yamangidwa pamwamba pa penti. Palani penti mpaka chitsulo chiwale pomwe pamangidwa koyilo, waya wa ethi ndi regulator, kachipangizo kolamulira magetsi opita ku batire. Ndi mita, batire liyenera kuonetsa pakati pa 13.5 ndi 14.5 volts injini ikulira mokwezako. Regulator imatentha ikamagwira ntchito, choncho musaitsekere m'kabokosi kopanda mphepo pansi pa chishalo pofuna kubisa mawaya.

Kenako timapayipi ta kabuleta. Kamodzi kamapumitsa kabakuli ka petulo ka pansi pa kabuleta. Kakalendewera pansi n'kutsekeka ndi matope, kapena kakamira powoloka mtsinje, petulo amasiya kukwera m'majeti ndipo njinga imazima ngati petulo watha. Kadutseni m'mwamba, kapena kagaweni pawiri, kena kapite pansi kena kakwere pansi pa chishalo. Palinso payipi yopumira injini, yomwe pa njinga zambiri inkalowa m'bokosi lija. Bokosi likachoka imasiyidwa ili pululu, n'kumayamwa fumbi ndi madzi kulowetsa mu oyilo. Ikwezeni, muike kasiponji kumapeto kwake. Musaitseke, chifukwa oyilo adzayamba kutuluka m'masilu.

Madzi ena amalowera m'thanki. Petulo wa m'Malawi amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, wopangidwa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, ndipo ethanol amakoka chinyezi. Thanki yakale yochotsedwa pa njinga ina, chitsekero chake labala atatha, ikagona panja m'chiperoni imamwa madzi. Petulo wa m'zigubu za m'mbali mwa msewu naye sadziwika komwe wagona. Masulani sikuluu ya pansi pa kabuleta, mukhetsere m'botolo loonekera mkati. Madzi amakhala pansi, petulo pamwamba, malire ake amaoneka bwinobwino. Mukawapeza khuthulani thanki yonse, musangokhetsa kabuleta yokha.

Ikamayenda pang'ono, kuzima, n'kuliranso ikapuma

Ikangozima tsegulani chitsekero cha thanki. Mukamva mpweya ukulowa kuti fyuu, kabowo kopumira katsekeka, kawirikawiri ndi penti yatsopano. Onaninso ngati payipi ya petulo yayandikana ndi ekizozi yokwezedwa ija. Petulo akawira m'payipi safika ku kabuleta, komanso imeneyo ndi ngozi ya moto. Pakhale mpata ndi chitsulo chotchinga kutentha, chomwe chitetezenso mwendo wa wokwera kumbuyo. Zonsezi zikakhala bwino yezani mavalavu injini ili yozizira. Pa CG125 mpata wake ndi 0.08 mm. Valavu yothina imasiya kutseka injini ikatentha.

Ikamalira bwino koma n'kumakana mtunda

Ili si vuto la kabuleta, ngakhale ambiri amathera komweko. Tayala la mano ndi lalitali komanso lolemera kuposa lapamsewu, choncho magiya onse atalika. Injini ya 125 ilibe mphamvu zotaya. Tsitsani sipuloketi yakutsogolo ndi dzino limodzi. Kuchoka pa 15 kupita pa 14 kumabweza pafupifupi 7 peresenti ya mphamvu yokokera, ndipo dzino limodzi kutsogolo limafanana ndi pafupifupi atatu kumbuyo. Liwiro la pa tala lichepa pang'ono, koma njira yokwera ku Likhubula kapena yodutsa ku Fort Lister idzapepuka.

Ma shock aatali amabweretsa zina ziwiri. Tcheni chimathina kwambiri pomwe sipuloketi yakutsogolo, polumikizira swing arm ndi ekiselo yakumbuyo zili pa mzere umodzi. Njinga yokwezedwa ikaima yopanda munthu imakhala kutali ndi mzerewo, ndiye tcheni chomangidwa pa muyezo wakale wa 20 mpaka 30 mm chimakokeka zolimba mukakhalapo n'kugunda bampu. Chimadya mabeling'i ndipo chimatha kuduka. Khalikani munthu wolemera pa chishalo mpaka zitatuzo zifanane, ndipo pamenepo tcheni chikhalebe ndi kampata. Ndodo ya buleki yakumbuyo nayonso imakokeka swing arm ikamayenda, n'kumagwira buleki yokha. Mukatsika gwirani pa habu yakumbuyo. Ikatentha musanagwiritse buleki kwambiri, masulani nati ya ndodoyo pang'ono.

Mawu amodzi okhudza kudula felemu: dulani kumbuyo kwa pomwe ma shock amangidwa, ndipo malo odulidwawo alumikizidwe ndi payipi yokhota yolimba. Nambala ya felemu yomwe ili pakhosi pa njinga isapalidwe kapena kukwiriridwa ndi penti yochindikala, chifukwa a Road Traffic amaifananitsa ndi mapepala popereka COF. Nyali ya buleki, ma indicator ndi nambala yakumbuyo zibwerere pamalo ooneka.

Ikazimira m'madzi

Mitsinje yotsika m'phiri, monga Likhubula, Lichenya ndi Ruo, imadzaza mwadzidzidzi ngakhale kumunsi kusanagwe mvula. Madzi akamathamanga kapena akafika m'maondo, musawoloke. Koma zikachitika kuti njinga yazimira m'madzi ofika pa sefa, musaikike ndipo musakhudze sitata. Madzi sapanikizika, ndipo pisitoni ikawagunda ndodo yake imapindika. Ikankhireni kumtunda, tsekani petulo, chotsani pulagi ndi sefa, khetsani kabuleta. Imikani njinga chakumbuyo kuti madzi a mu ekizozi atuluke. Pulagi ili kunja, kiyi ali wozimitsa, kikani kambirimbiri mpaka pabowo pasiye kutuluka madzi. Pukutani pulagi, finyani siponji, n'kuyang'ana oyilo. Akaoneka woyererako ngati tiyi wamkaka, madzi alowa. Musayende naye ulendo. Injini ya CG imalowa oyilo pafupifupi lita imodzi: khuthulani, thirani watsopano, ilizeni mphindi zochepa poima, muonenso, ndipo bwerezani mpaka oyilo asiye kuoneka ngati tiyi wamkaka. Mukafika kunyumba tsegulani chivundikiro cha kumanzere kwa injini komwe kuli magineto, muumitse, chifukwa madzi akagona mmenemo amachititsa dzimbiri pa makoyilo.